Akufuna kundiwotcherera msana

Ndinazindikira kuti amayi apendekeka tsiku la Mgonero, ndili kumbuyo kwawo pamzere. Yunifolomu ya Chigwirizano sibisa kanthu. Bulauzi yoyera ija inali itakwera mbali ya kumanja, kumanzere ikulendewera, ndipo mpendero wa siketi unkaoneka ngati telala anaudula akusinza. Ndinangoti mwina avala mothamanga. Titatuluka m'tchalitchi ndinapita kukawakonza kolala, m'pamene ndinaona kuti nsalu ilibe mlandu. Phewa lina linali pamwamba, chiuno chitatulukira mbali imodzi, thupi lonse likuwerama pang'ono ngati munthu amene akufunafuna ndalama yomwe wagwetsa.

"Ukundiyang'ana chiyani ngati ukufuna kundigula?" anatero amayi. Ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Panatha chaka chathunthu tisanaitchulenso.

Amayi anabadwa mu 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, pa famu ya fodya cha ku Mazowe, m'dziko la Zimbabwe. Makolo awo anachoka ku Dedza ali achinyamata ndipo sanabwererenso, aja kumudzi amawatcha matchona. Anakwatiwa ndi bambo anga, amene ankawotcherera zitsulo ku njanji, n'chifukwa chake ife tinakulira ku Rugare, mu Harare, kumene sitima ikamadutsa makapu amalira m'kabati. Bambo anatisiya mu 2009. Geti limene anawotcherera ndi manja awo lidakali chiimire, pamene a anzathu oyandikana nawo agwa kawirikawiri. Ana atatu tinaphunzira ndi ndalama za tomato ndi masamba zomwe amayi ankakapikula ku Mbare Musika m'bandakucha, dengu pamutu, mwana kumbuyo.

Chimene chinawagonjetsa si kupendekekako ayi, koma mwendo. Kuchoka pa geti kukafika pa mjigo pali mapolo a magetsi 7. Amayi anayamba kumaima pa polo lachitatu. Ankawerama n'kumagwiragwira phazi ngati akumanga chingwe cha nsapato, chonsecho avala patapata. Akuti mwendo wa kumanzere unkayamba kutentha kuchokera m'thako kutsikira m'katumba, kenako dzanzi, kenako n'kulemera ngati ndi wa munthu wina. Akakhala pansi kapena kuwerama mphindi ziwiri, zonse zinkatha, ulendo n'kuyambanso. Koma akamakankha wilibala ya zigubu ankakafika pa mjigo osaima ngakhale kamodzi. Ine ndinkatenga zimenezo ngati umboni woti matendawa ali m'mutu chabe. Ndimachita manyazi ndikakumbukira, chifukwa dokotala anadzatiuza kuti wilibalayo inali itanena kale dzina la matenda.

Tisanafike kwa dokotalayo tinadutsa kumene aliyense amadutsa. Brufen ndi diclofenac wogula pa tebulo la mumsewu, m'mawa ndi madzulo, miyezi yambirimbiri. Mafuta opaka onunkha mpaka pamsewu. Amalume anati ndi ndowa zimene anasenza moyo wawo wonse. Azakhali anati munthu sangangopindika yekha, pali dzanja la munthu, ndipo anabwera ndi madzi opemphereredwa m'botolo la Mazoe. Amayi analandira botololo mwaulemu n'kuthirira rape.

Ku Avenues, kumene madokotala ambiri a matenda apadera ali ndi maofesi awo, anayamba ndi kuletsa mapiritsi aja. Anati kwa munthu wa zaka zopitirira 70 amene ali ndi BP, mankhwala amtundu umenewo amadya impso ndi kuboola m'mimba mwakachetechete. Kenako anatitumiza ku X-ray ya msana wonse, yojambula munthu ataimirira, chifukwa msana ukagona umanama. Chithunzicho chitaikidwa pa kompyuta, ndinamva m'mimba kuzizira. Mafupa a m'chiuno, asanu aja amawatcha L1 mpaka L5, anali atakhota ngati chikwakwa, ena atapotoka, limodzi litasuntha pang'ono pamwamba pa linzake. Dokotala anajambula mzere pa fupa la pamwamba pa kukhotako, wina pa la pansi, n'kuyeza ngodya yake. Muyezo umenewu umatchedwa dzina la John Cobb, dokotala wa ku America amene anaufotokoza mu 1948. Ukapitirira madigiri 10, ndiye kuti ndi scoliosis. Wa amayi unali 36.

Ine ndinkadziwa kuti scoliosis ndi matenda a atsikana a sukulu, aja amavala chomangira msana cholimba pansi pa yunifolomu. Si choncho kokha. Ena amakula nayo kuchokera ku utsikana, ena imawapeza atakalamba, msana umene unali wowongoka bwinobwino. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni kofewa. Zaka zikamapita timakhushoni timeneti timauma ndi kuphwa, ndipo sitiphwa mofanana mbali zonse. Mbali imodzi ikatsika, fupa limapendekeka, la pamwamba pake n'kutsatira, monga imachitira nyumba imene maziko ake adyedwa ndi madzi ngodya imodzi. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2005 anapeza kukhota kotereku mwa anthu 68 pa 100 alionse a zaka zopitirira 60 amene anawayeza. Ambiri sadziwa n'komwe. Kungoti mukaima pakhomo la tchalitchi Lamlungu n'kumayang'ana agogo akutuluka, muyamba kuona zimene poyamba simunkaona. Ine masiku ano maso anga amangothamangira pa mapewa a anthu, mpaka m'kombi.

MRI, yojambula mitsempha ndi minofu ya mkati, tinaidikira miyezi iwiri, mpaka achimwene atatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg. Imeneyo ndiyo inaonetsa mwini mlandu. Mkati mwa msana muli ngalande momwe mumadutsa mitsempha yopita kumiyendo. Pa L3 ndi L4, komanso pa L4 ndi L5, ngalandeyo inali itapanikizika ndi mafupa okula molakwika ndi minofu yokhuthala. Munthu akaima chowongoka kapena kuyenda, ngalande imachepa, mitsempha imafinyika, mwendo umayaka. Akawerama, ngalande imatseguka pang'ono. Ndiyo nkhani ya patapata, ndiyo nkhani ya wilibala. Amayi anali atadzipezera okha mankhwala, ine n'kumawaganizira kuti akudzipangitsa.

Dokotalayo ndimamuyamikira pa chinthu chimodzi. Anati iye sachita opaleshoni chithunzi, amachita opaleshoni munthu. Madigiri 36 pa okha si chifukwa chong'ambira munthu. Chimene amayang'ana ndi ululu wa m'miyendo, mtunda umene munthu akuyenda, ngati kukhotako kukuwonjezeka chaka ndi chaka, komanso ngati thupi likugwera kutsogolo moti mutu sukhalanso pamwamba pa chiuno, chifukwa kugwera kutsogolo kumatopetsa ndi kupweteka kuposa kukhotera kumbali. Anatiyalira njira zitatu. Yoyamba, osang'amba: fiziyo, mankhwala oyenera, jakisoni wa pamsana wochepetsa kutupa kwa mitsempha. Yachiwiri, opaleshoni yaing'ono yosema fupa limene likupana mitsempha, mwina n'kumanga mafupa awiri kapena atatu okha. Yachitatu, yaikulu: kuwongola msana n'kuumanga kuchokera m'munsi mwa nthiti mpaka pa fupa la chiuno, ndi zitsulo ziwiri za titanium ndi misomali yamazinga, iwiri pa fupa lililonse.

Zonsezi ankalankhula m'Chingerezi chosakaniza ndi Chishona. Amayi Chishona amachimva ngati wina aliyense wobadwira kuno, koma nkhani ikafika pa thupi lawo amafuna aimve m'Chichewa, ndiye ankandiyang'ana ine. Ndinasowa mawu. Ndinati, "Amayi, akuti alumikiza mafupa kuti akhale limodzi, asamagwedezeke." Anakhala chete, akuyang'ana chithunzi cha munthu wina chimene dokotala anationetsa, zitsulo zikuwala ngati makwerero. Kenako anati:

"Ndiye akufuna kundiwotcherera. Ngati geti la bambo ako."

Nditamasulira, dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti gogo sanaphonye kwenikweni, koma pali kusiyana kumodzi. Zitsulo zija si zimene zimawotcherera. Izo ndi chopanira chabe, chogwira mafupa kuti asasunthe. Wowotcherera ndi thupi lenilenilo. Amapala mafupawo, n'kuikapo tizidutswa ta fupa, kawirikawiri totengedwa pa munthu yemweyo, ndipo pa miyezi 6 mpaka 12, nthawi zina kupitirira, fupa latsopano limamera n'kugwirizanitsa onse. Likakanika kumera, zitsulo zimasenza katundu zokha, ndipo chitsulo chopindidwa uku ndi uku tsiku ndi tsiku chimathyoka ngati waya. Amayi anagwedeza mutu. Zimenezo anazimva bwino kuposa ine. Anakhala zaka 30 ndi munthu amene ankadandaula pa chakudya chamadzulo za anyamata ochotsa chopanira chitsulo chisanagwirane.

Usiku umenewo magetsi analipo, ndiye ndinawerenga mpaka foni kutentha. Opaleshoniyi si yachilendo. Mu 1911 madokotala awiri a ku New York, Russell Hibbs ndi Fred Albee, aliyense payekha, anayamba kumanga misana ya anthu amene TB inawadya mafupa. Zitsulo zinabwera pambuyo, ndi Paul Harrington wa ku Houston, amene ankathandiza ana opindika ndi poliyo m'zaka za m'ma 1950. Chimene ndinaona n'chakuti nzeru zonsezi zinayambira pa ana ndi achinyamata, a mafupa olimba ndi mtima wamphamvu. Kuzibweretsa pa gogo wa BP ndi nkhani ina.

Pa gulu la banja la WhatsApp panayaka moto. Achimwene anati palibe zokambirana, opaleshoni yaikuluyo ichitike kamodzi n'kamodzi, ndalama tipeza. Mtengo umene tinalemberedwa kuno unali wogulira magalimoto awiri a ex-Japan n'kutsala chenje, wonse m'madola a ku America, ndipo amayi alibe medical aid. Achimwene anafunsa mitengo ku Johannesburg, anafunsanso ku India kumene anthu ambiri a kuno amapita, n'kuyamba kuwerengera matikiti a ndege a anthu awiri. Mng'ono wanga wa ku Leeds, amene amasamalira okalamba, anakana kwamtuwagalu. Anati iye amawasambitsa anthu otere tsiku lililonse, akudziwa chimene akunena. Achimwene anati iye amangoona amene zinawavuta, amene zinawayendera ali kunyumba kwawo. Onse awiri ankanena zoona. Amalume analowererapo ndi mavesi. Mauthenga anafika mazanamazana, ndipo pa milungu itatu yonseyo palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, kodi eni msana akuti chiyani. Amayi sali pa gululo. Foni yawo ndi ya mabatani.

Ine ndinali mbali ya achimwene, ndipo zifukwa zanga sizinali zoyera. Ndinali nditatopa. Ndine amene ndili pafupi, ndine wotunga madzi, woperekeza ku chipatala, wopempha tchuthi kuntchito. Opaleshoni inkaoneka ngati chinthu chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Chachiwiri chinali manyazi. Ku Rugare tonse timadziwana. Ndinkamva m'makutu mwanga anthu akunena kuti taonani, ana ali ku Joni ndi ku Mangalande, mayi wawo akuyenda chowerama ngati alibe abale. Ndinkafuna amayi owongoka kuti anthu aone kuti tinawasamalira.

Chimene chinatiziziritsa ndi kuyeza kulimba kwa mafupa, pa makina otchedwa DEXA. Nambala ikafika pa -2.5 kapena kutsika kuposa apo, ndiye kuti mafupa afooka, matenda aja amati osteoporosis, amene amagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. Ya amayi inali -2.8. Dokotala anati msomali ndi wabwino ngati mtengo uli wabwino. Pa thabwa lofumbwa umalowa mosavuta, umatulukanso mosavuta. Anafotokozanso kuti pamene zitsulo zathera, fupa loyamba la pamwamba pake limasenza mphamvu yonse, ndipo likakhala lofooka limatha kuphwanyika, munthu n'kuwerama pamwamba pa zitsulozo, n'kubwereranso ku fiyeta. Anati njira iliyonse imene tingasankhe, mafupa ayambe alimbitsidwa: calcium, vitamini D, ndi piritsi la kamodzi pa mlungu limene amamwa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza madzi, osagona pansi kwa mphindi 30.

Kenako anafunsa ngati gogo amasuta. Amayi anakwiya. Mayi wa Chigwirizano asute? Dokotala anafunsanso mofatsa m'Chishona, nanga bute, fodya wa mphuno uja? Amayi anayang'ana pa khoma. Tili m'kombi pobwerera, atandiyandikira kukhutu, anati, "Kamphuno kokha, usiku, kuyambira pamene anapita bambo ako." Zaka zonsezi ine osadziwa. Fodya ndi fodya, kaya wa ndudu kaya wa mphuno, chikonga chake chimafinya timitsempha ta magazi ndipo fupa silimera bwino. Munthu wobadwira pa famu ya fodya, fodya yemweyo n'kudzamutsatira mpaka mu ofesi ya dokotala wa msana.

Tinaonananso ndi dokotala wogoneka anthu, amene sanatikometsere kalikonse. Opaleshoni yaikuluyo imatenga maola ambiri, munthu atagona chafufumimba. Magazi amatayika ambiri, moti pamafunika okonzeratu. Pambuyo pake pali masiku a m'chipinda cha odwala kwambiri, pali chiopsezo cha bala kuchita mafinya, magazi kuundana m'miyendo, chibayo, mtsempha kuvulala, ndiponso kusokonekera mutu kumene kumagwira okalamba akachoka ku fiyeta, osazindikira ngakhale ana awo kwa masiku angapo. Anati kwa okalamba mavuto otere si osowa. Koma ananenanso mbali inayo, kuti okalamba omwewo, amene ululu unawatsekera m'nyumba, zikawayendera ndiwo amapindula kwambiri, chifukwa amachokera kutali. Ndinatuluka mutu uli balala. Ndinkafuna wina andiuze kuti inde kapena ayi, ndipo onse ankandibwezera mpirawo mwaulemu.

Funso limene linkandisowetsa tulo ndinalifunsa pomaliza. Tikapanda kuchita, afa ziwalo? Dokotala wa msana anati kawirikawiri matendawa amayenda pang'onopang'ono, sagwetsa munthu tsiku limodzi, ndiye nthawi yoganiza ilipo. Koma anatilembera zizindikiro zosadikira kuti kuche: mkodzo kapena chimbudzi kutuluka chokha, kapena mkodzo kukanika kutuluka, dzanzi pakati pa miyendo ndi pokhalira, phazi kuyamba kukwakwaza pansi, miyendo kufooka mwadzidzidzi. Zikatero, kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo. Pepalalo ndinalimata kuseri kwa chitseko cha kabati.

Pa ulendo wachitatu amayi anafunsa funso lawo loyamba, ndipo silinali la imfa kapena la ndalama. "Umufunse, ndikawotchereredwa ndidzakhala pa mphasa?"

Ine ndinaona ngati funso lachibwana. Dokotala sanalione choncho. Anati polumikizira miyendo padzapindika monga kale, mawondonso, koma msana wa m'munsi sudzapindikanso mpaka kalekale. Kukhala pansi n'kudzuka kudzavuta. Kuwenga zikhadabo za kumapazi, kuvala masokosi, kutola chinthu pansi, kunjuta m'chimbudzi, ngakhale kudzipukuta, zonsezo anthu ambiri amaziphunziranso mwatsopano, ena ndi zipangizo.

Apa m'pamene ndinayamba kuona moyo wa amayi monga ulili. Moyo wawo wonse uli pansi. Magetsi akazima, ndipo amazima, amaphika pa mbaula, atakhala pa kampando kofika m'kakolo. Amasesa ndi tsache lalifupi. Amachapa m'beseni lili pansi. Ali ndi kamunda ka chimanga m'mbali mwa njanji, monga alili anthu ambiri mu Harare muno mvula ikagwa, ndipo khasu lawo ndi la mpini waufupi. Popereka moni kwa akuluakulu amagwada. Koposa zonse, maliro. Kuno kwa ife, amene midzi yathu ili kutsidya kwa Zambezi, maliro ndiwo mudzi. Kukagwa zovuta ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth, amayi a Chigwirizano amakagona pa siwa, pa mphasa, miyendo itatambasulidwa, kuimba mpaka mbandakucha pafupi ndi namfedwa. Mipando ndi ya abambo panja. Mabuku amene ndinawerenga aja analembedwa kumene anthu amakhala pa sofa, kuphika ataimirira ndi kulira maliro pa benchi. Mtengo wa msana wosapindika kumeneko ndi wina, ku Rugare ndi wina.

Wina ku tchalitchi anatiuza za mayi wa ku Mufakose amene anachitidwa opaleshoni yaikulu yomweyo ku South Africa zaka zingapo zapitazo. Tinapita. Anatilandira ataima chilili ngati msilikali, anatenga amayi kulowa nawo kuchipinda kukawaonetsa chipsera. Iye sadandaula ngakhale pang'ono. Asanachitidwe ankalephera kufika pa geti lake, lero amayenda wapansi kupita ku tchalitchi. Anati chaka choyamba chinali chowawa moti anatukwana ana ake onse mmodzimmodzi, koma atapatsidwa mwayi akhoza kubwerezanso. Zikhadabo amamuwenga mdzukulu. Pa maliro amakhala pa mpando wa pulasitiki pakhomo, ndipo anati anthu anazolowera msanga kuposa iye. Pobwerera ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti amayi avomera.

Loweruka lotsatira ndinawapeza atazula thabwa limodzi la pansi pa matiresi. Analiika kumsana, kuchokera pakati pa mapewa mpaka m'matako, n'kundiuza kuti ndimange ndi zitenje ziwiri, china pachifuwa, china m'chiuno, monga timaberekera mwana. Ndinati amayi, izi si zimene adzachite. Anati ndikudziwa, manga. Anayamba ndi tsache. Silinafike pansi mpaka atapinda mawondo, ndipo mawondo a zaka 72 ali ndi madandaulo awoawo. Anayesa kuvundula nsima pa mbaula, mthiko unkafika koma mphamvu panalibe, mphika ukuthawa. Analowa m'chimbudzi n'kukhalamo nthawi yaitali, potuluka sananene kanthu. Pomaliza anayala mphasa pakhonde. Kutsika anatsika, chogwira khoma, thabwa likugunda simenti. Kudzuka kunakanika. Anagubudukira chammbali, n'kugwada, n'kukwawa mpaka pa chitseko, thukuta lili kamukamu. Mdzukulu wawo anaseka, iwonso anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Analivala thabwalo mpaka dzuwa kupendeka, kenako anati, "Masula. Muimbire mkulu wako."

Ndinaika foni pa sipika. Achimwene anayamba ndi za matikiti. Amayi anawadula.

"Tamvera iwe. Chikundipweteka ine ndi mwendo. Kupindikaku sikundipweteka, kukupweteka inu ondiyang'ana. Ngati alipo mankhwala a mwendo, ndiwafuna. Zondiwongola kuti ndikongole pa chithunzi, ayi. Mayi wa ku Mufakose uja anali atafika poti sangatuluke m'nyumba, anachita bwino. Ine sindinafike pamenepo. Ndikadzafika ndidzakuuzani ndekha."

Achimwene anati, "Koma amayi, mukamachedwa zaka zikupita, pambuyo pake adzakana kukuchitani." Mfundo imeneyo ndi yoona, dokotala anainenanso, ndipo mpaka lero imandiluma. Khomo la opaleshoni yaikulu silikhala lotsegula mpaka kalekale. Mtima, impso ndi mafupa zikafooka, limatsekeka lokha. Amayi anati akudziwa. Anati likatsekeka latsekeka, si khomo loyamba kuwatsekekera.

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino kuchokera pamenepo. Jakisoni wa pamsana anathandiza kwambiri, moti kwa miyezi itatu amayi ankafika pa mjigo popanda wilibala, n'kuyamba kunyoza tonse amene tinkafuna kuwang'amba. Mwezi wachinayi moto unabwerera m'katumba. Jakisoni wachiwiri anagwira milungu 6 yokha. A fiziyo anawaphunzitsa kugona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa, ndi zina zolimbitsa minofu ya pamimba ndi m'matako, ndipo amachita m'mawa uliwonse asanapemphere, kapena atapemphera, kutengera ndi mmene adzukira. Mng'ono wanga anatumiza choyendera cha matayala anayi, chokhala ndi mabuleki ndi pokhalira. Amayi anachiyang'ana n'kunena kuti n'cha nkhalamba. Pano chimanyamula zigubu ziwiri za malita 5, ndipo poti chanyamula katundu, amavomera kuchikankha. Mbaula tinaikweza pa njerwa. Tsache la mpini wautali analikana milungu iwiri, kenako ndinalipeza litatha mbali imodzi.

X-ray ya chaka chino yaonetsa madigiri 38. Dokotala akuti kusiyana kwa madigiri awiri kukhoza kukhala kwa kayezedwe chabe, tisathamange nako. Chimene sichikunama ndi mapolo. Abwereranso pa lachitatu, masiku ena lachiwiri. Tsopano nkhani imene ili pa tebulo ndi ya njira yapakati ija, kusema pamene papanikizika n'kumanga mafupa atatu okha, L3 mpaka L5. Msana sudzawongoka, mwina pang'ono chabe. Cholinga ndi mwendo. Nayonso ili ndi msampha wake, chifukwa malo oyandikana ndi pomangidwapo amatha msanga, ndipo kukhotako kukhoza kupitirira pamwamba pake, tsiku lina n'kufunikanso opaleshoni ina. Koma ndi ya maola ochepa, magazi ochepa, ndipo mphasa siwalanda yonse. Nthawi ino mafunso akufunsa ndi amayi, ine ndikungomasulira. Anafunsa kuti adzagona masiku angati, adzayamba liti kukwera kombi, ndiponso kuti dokotalayo wachitapo agogo angati a msinkhu wawo ndipo ali kuti lero. Funso lomalizalo ine sindikanalimba mtima kulifunsa. Iye anayankha bwinobwino, osakhumudwa.

Pa gulu la WhatsApp pali bata. Achimwene amangofunsa kuti tsiku ndi liti, ndalama akusunga. Ndinawauza zimene amayi ananena, kuti chimanga cha kunjanji chikalowa m'nyumba ndi pamene adzapite kukayezetsanso mafupa, ndipo nambala ija ikakhala kuti yakwera, tidzakambirana za tsiku. Achimwene anati chimanga chake cha matumba awiri chomwecho? Ndinati chomwecho.

Dokotala anati fodya asiyiretu milungu ingapo opaleshoni isanachitike, ndiponso miyezi yonse imene fupa likumera. Mwezi watha amayi anandiitanira kuchipinda, n'kundipatsa kabotolo kawo ka fodya, kakuda ndi manja, kokulungidwa m'kansalu. Anati ndikataye kutali, asakaone. Ndinakaponya m'ngalande ya kuseri kwa mashopu. Lamlungu lapitali, ndikuwafunira buku la nyimbo m'chikwama cha ku tchalitchi, ndinapeza kena pansi pa Baibulo, kodzaza mpaka pakamwa, chotsekera chake chisanatsegulidwepo. Ndinakabwezera pomwepo, n'kuwapatsa buku lawo.